The Wire si filimu yothamangitsana, koma ndi imene inandifotokozera mmene katangale amagwirira ntchito

Mng'ono wanga wa ku Area 25 anandibwezera flash ya The Wire patangotha masiku awiri, akuti achimwene zomwe mwandipatsazi ndi zogonetsa tulo, episodi yonse yatha apolisi angokhala mu ofesi kukangana za mapepala, palibe olo galimoto imodzi yathamangitsidwa. Ndinamumvetsa, pakuti ife tinakulira mu vidiyo sho momwe filimu ya apolisi imatanthauza kuti ekita alowe yekha mnyumba ya zigawenga, aombere onse, bwana wa zigawenga afe komaliza basi tizipita kwathu. Nde ndinamuuza kuti bwerera nayo, upirire mpaka episodi ya 5 kapena ya 6, ndipo zomwe ndinamufotokozera tsiku limenelo ndi zomwe ndikufuna ndilembe apa. Ndichenjezeretu kuti ndiwulula zina za mkati, amene simunaonere mundikhululukire.

The Wire ndi series ya ku America yomwe inkaonetsedwa pa HBO kuyambira 2002 mpaka 2008, masizoni 5, maepisodi onse pamodzi 60. Nkhani yake ikuchitikira mu mzinda wa Baltimore ku Maryland, mzinda wa doko womwe mma 1950 unali ndi anthu pafupifupi 950,000 koma pofika 2000 anali atatsala cha mma 650,000 chifukwa mafakitale anatseka, omwe anali ndi ndalama anasamuka, nkusiya mizere ya nyumba zopanda anthu zokhomedwa matabwa mmawindo. Anayambitsa series imeneyi ndi David Simon yemwe anagwira ntchito zaka zoposa 10 ngati mtolankhani wa nkhani za polisi ku nyuzi ya Baltimore Sun, pamodzi ndi Ed Burns yemwe anali wapolisi wofufuza milandu ya kupha kenako atasiya upolisi anakakhala mphunzitsi mu sukulu ya boma mumzinda womwewo. Izi nzofunika kuzidziwa chifukwa ukamaonera umachita kumva kuti olembawo sakungopeka, anakhalamo mma ofesi amenewo, akudziwa mmene bwana amayankhulira akafuna kukwirira nkhani.

Dzina lakelo likuchokera ku ntchito yotchera mafoni, kumvetsera mwachinsinsi zomwe anthu akukambirana. Ndipo apa ndi pomwe ambiri amatopera koma ine ndi pomwe ndimakondera. Mu sizoni yoyamba kagulu ka apolisi kakufuna kugwira Avon Barksdale ndi mnzake Stringer Bell omwe akulamulira malonda a mankhwala ozunguza bongo kuchigawo cha kumadzulo kwa mzindawo, koma sangangodzuka nkuyamba kumvetsera foni ya munthu ayi, akuyenera kupita kwa jaji ndi umboni woti njira zina zonse ayesa zakanika, alembe mapepala ambirimbiri, kenako chilolezo chikatuluka pakhale wapolisi wina padenga ndi kamera kuonetsetsa kuti amene wagwira foni ya mumsewuyo ndi munthu amene akumufufuzadi, apo ayi saloledwa kumvetsera. Anyamata ogulitsawo nawo si opusa, akugwiritsa ntchito tima pager, timakina tongolandira manambala a foni, ndi manambala osokoneza dala, nde apolisi akhale pansi masiku angapo kuswa mutu kuti amvetse. Ntchito yofufuza yeniyeni ndi imeneyo, yotopetsa, yofuna kudekha, ndipo series ikukupangitsa iwe woonera kuti utope nawo limodzi kuti tsiku lomwe amva mawu oyamba ofunika pa foni nawenso mtima ugunde.

Koma chachikulu chomwe chimandipangitsa kunena kuti iyi ndi series yabwino kuposa zonse za apolisi zomwe ndinaonerapo si ukatswiri wofufuzawo. Ndi mmene ikuonetsera kuti mdani wamkulu wa wapolisi wofuna kugwira ntchito molungama nthawi zambiri sakhala pa kona, amakhala mu ofesi ya mmwamba. Kagulu kaja mabwana sanakafune nkomwe, kanapangidwa chifukwa wapolisi wina Jimmy McNulty anakadandaula kwa jaji, jajiyo nkukalipira akuluakulu, nde pofuna kungomutseka pakamwa anasonkhanitsa apolisi omwe madipatimenti awo sankawafuna, zidakwa, oyembekeza penshoni, nkuwaponya mchipinda cha pansi chopanda zipangizo, malamulo ake akuti gwirani anyamata angapo mwachangu tioneke pa TV kuti tagwira ntchito basi mutseke. Mmodzi mwa otayidwawo ndi Lester Freamon, mdala wofatsa yemwe anakhala zaka 13 atamukankhira ku ofesi yosafunika chifukwa kalekale anakakamira mlandu womwe mabwana anamuuza kuti ausiye. Iyeyo ndi amene akuphunzitsa anzakewo kuti kulondola mankhwala kumangokufikitsa kwa ogulitsa ndi osuta, koma ukayamba kulondola ndalama sudziwa komwe ukathere.

Ndipo zikuchitikadi. Tsiku lina apolisi aja agwira galimoto ikuchokera kumalo ogulitsira mankhwala muli ndalama zokwana $20,000, woyendetsa wake nkupezeka kuti ndi dalaivala wa Clay Davis, phungu wa nyumba ya malamulo ya Maryland. Foni ikulira kuchokera kumwamba, mtsogoleri wa kagulu kaja Cedric Daniels akuuzidwa kuti bwezani ndalamazo. Palibe amene wapatsidwa envelopu pamenepo, palibe wanena kuti ndigulireni ya fanta, koma katangale wachitika wathunthu, pakuti wachiwiri kwa mkulu wa polisi akudziwa kuti mpando wake uli mmanja mwa andale ndipo andalewo kampeni yawo ikudya ndalama zomwezo. Danielsyo naye sangalimbe kwambiri chifukwa mabwana akusunga fayilo ya zomwe anachita kale ali wamng'ono pa ntchito. Aliyense ali ndi chingwe pakhosi chomwe wina wagwira.

Kwathu kuno timati mbuzi imadya pomwe aimangirira, ndipo tikamakamba za ziphuphu timathera pa mbuziyo, wapolisi wa pamsewu amene walandira kenakake kwa kondakitala wa minibasi. The Wire simukhululukira wapolisi wotereyo ayi, ikumuonetsa bwinobwino, pali Herc ndi Carver akubisa mitolo ya ndalama mmajekete pa nthawi ya chipikisheni, pali Prez amene anamenya mwana wa zaka 14 ndi mfuti mpaka diso kuwonongeka kenako bwana wake nkumuphunzitsa zoti akanene kuti asalangidwe. Koma ikupitirira pamenepo nkukufunsa kuti nanga anamangirira mbuziyo pamenepo ndani, ndipo iyeyo akudya chani.

Yankho lake lalikulu ndi manambala. Mu sizoni ya 3 tikuona misonkhano yomwe akuluakulu a polisi amaitana mkulu wa dera lililonse nkumuimika kutsogolo, ziwerengero za milandu zili pa khoma, kumunyoza pamaso pa anzake ngati milandu yakwera. Meya akufuna kuti chisankho chisanafike manambala atsike. Nde mukuganiza kuti mkulu wa dera atani? Umbava sangauthetse mmwezi umodzi, chomwe angathe ndi kusintha zolemba, mlandu wakuba moopseza ulembedwe ngati kuba wamba, wovulaza munthu ulembedwe ngati kukankhana chabe, madandaulo ena asalembedwe nkomwe. Kwinaku akutuma apolisi kukasesa anyamata mmakona kuti chiwerengero cha omangidwa chikwere, mawa lake anyamatawo atuluka abwerera pa kona pomwepo. Pa pepala zonse zili bho, mabwana akukwezedwa, koma mayi wokhala mderalo akuopabe kutuma mwana ku golosale. Choipitsitsa nchoti wapolisi amene wakula ndi ntchito yosesayi sadziwanso kufufuza, alibe munthu mmudzi amene angamunong'oneze kanthu pakuti aliyense amamuona ngati mdani.

Ine nditafika pamenepa ndinaimitsa kaye, chifukwa ndinakumbuka za vakabu. Tonse okulira ku Kawale, Mchesi, Chinsapo kapena Mtandire tikudziwa mmene zinkakhalira, galimoto kufika usiku kunyamula aliyense wopezeka panja, wochokera ku ganyu, wogulitsa mandasi, woyembekeza minibasi. Mu January 2017 High Court ku Blantyre inagamula pa mlandu wa Mayeso Gwanda, wavenda amene anamangidwa mbandakucha akupita kukagulitsa majumbo, kuti gawo 184(1)(c) la Penal Code lomwe ankamangira anthu motere likutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko. Baltimore ndi Lilongwe nzosiyana kutali, kuno tilibe mfuti zambiri choncho ndipo heroin sagulitsidwa poyera mmakona ngati kumeneko, koma maganizo oti kuchuluka kwa anthu mchitokosi ndiye umboni woti chitetezo chilipo, amenewo ndi amodzimodzi, ndipo osesedwa amakhala osauka nthawi zonse, simudzamva kuti asesa ku Area 10.

Mu sizoni ya 3 yomweyo muli nkhani ya Bunny Colvin, mkulu wa dera amene watsala pang'ono kupuma pa ntchito, watopa ndi bodza la manambala nde akuganiza zoyesa chinthu choopsa osauza mabwana ake. Akusankha malo a nyumba zopanda anthu nkuuza ogulitsa mankhwala kuti mukagulitsira uko sitikumangani, koma mukapezeka mmakona momwe mukukhala anthu muona zakuda. Malowo anyamata akuwatcha Hamsterdam. Milandu ikutsikadi, agogo ayambanso kukhala pakhonde, a zaumoyo apeza pofikira osuta kuti awathandize, koma mkati mwa Hamsterdam momwemo muli ngati ku gehena, ana ang'onoang'ono akungoyendayenda pakati pa anthu oledzera mankhwala. Chomwe ndimaikondera series imeneyi nchoti sikukuuza kuti Colvin walondola kapena walakwa, ikukuonetsa mbali zonse uziganizire wekha, kenako ikukuonetsanso kuti zitaululika andale sanafunse nkomwe ngati zinathandiza, anangofunsa kuti anthu ovota aziona bwanji, mabuldoza nkubwera, Colvin nkutsitsidwa udindo.

Sizoni iliyonse imatsegula khomo lina la mzinda womwewo. Yachiwiri ikupita ku doko komwe ntchito zikutha ndipo mtsogoleri wa bungwe la ogwira ntchito Frank Sobotka akulola makontena ena kudutsa mwachinyengo kuti apeze ndalama zonyengerera andale akonze dokolo anthu ake apeze ntchito, mpaka tsiku lomwe mu kontena ina mwapezeka mitembo 13 ya atsikana ozembetsedwa kuchokera kunja. Ndipo taonani, kufufuza Sobotka sikunayambe chifukwa cha atsikanawo ayi, kunayamba chifukwa bwana wina wa polisi anakwiya kuti Sobotka wamuposa popereka windo la magalasi okongola ku tchalitchi. Yachisanu ikulowa mu nyuzipepala, ndipo kunena zoona imeneyi ndi yofookerapo, nkhani ya McNulty yopeka chigawenga chopha anthu osowa pokhala kuti boma litulutse ndalama zofufuzira inandivuta kuikhulupirira, ngakhale mfundo yake ndi yomveka yoti mabwana amatulutsa ndalama pokhapokha nkhani ikakhala pa tsamba loyamba.

Koma sizoni ya 4, abale, imeneyo ndi imene inandiliza. Ikutsata anyamata 4 a sukulu, Namond, Michael, Randy ndi Dukie, a zaka ngati za ana athu a Standard 8 kapena Form 1. Prez uja wasiya upolisi tsopano ndi mphunzitsi wa masamu, wayamba kuwafika pamtima anawo powaphunzitsa kudzera mmasewera omwe amawadziwa, kenako akuuzidwa kuti siya zimenezo uziwaloweza mafunso a mayeso a boma kuti sukulu ioneke kuti ikukhoza, iye nkuzindikira kuti awa ndi masewera a manambala omwe aja anawasiya ku polisi. Aphunzitsi a kuno amene mumapanikizidwa kuti sukulu ituluke bwino pa zotsatira za MANEB mukudziwa zomwe ndikunena. Randy ndi kamnyamata kochangamuka kogulitsa maswiti mkalasi, kakanakhala kuno bwenzi kali ndi benchi yake mu msika wa Tsoka, nde tsiku lina kaulula kwa akuluakulu zomwe kakudziwa za munthu wina amene anaphedwa, wapolisi wosasamala nkumuululitsa mosazindikira pofunsa chigawenga china. Basi mbiri yawanda kuti Randy ndi kazitape, nyumba ya mayi omulera yawotchedwa, mayiwo apsa, iye akukathera ku nyumba yosungira ana komwe akumenyedwa. Palibe wapolisi amene anafuna kumupweteka mwanayo, koma palibenso amene anataya ntchito chifukwa cha iye. Pa nthawi yomweyo meya watsopano Tommy Carcetti, amene analowa ndi malonjezo okoma ndipo ukamamuona umakhulupirira kuti akunenadi zochokera pansi pa mtima, wapeza kuti masukulu ali ndi ngongole ya $54 miliyoni, bwanamkubwa wa chipani china akuti ndikupatsa ndalamazo koma uvomere poyera kuti ndakuthandiza, iye nkukana chifukwa akufuna kudzapikisana naye pa mpando womwewo. Ana aja ndi amene analipira.

Mbali ya zigawenga nayo sanaipange mwachibwana. Stringer Bell, amene anasewera ndi Idris Elba wa ku London uja bambo ake a ku Sierra Leone mayi ake a ku Ghana, amapita ku koleji madzulo kukaphunzira za chuma, akufuna achoke mumsewu alowe bizinesi ya zomangamanga, koma atafika kwa anthu a masuti akupeza kuti kumeneko kuli akuba oposa iye, Clay Davis akumudyera ndalama zambirimbiri pomulonjeza makontirakiti omwe sanabwere. D'Angelo, mphwake wa Avon, mtima wake sukufuna moyo umenewu koma anabadwiramo, banja lonse likudya pamenepo. Wallace, amene anasewera ndi Michael B. Jordan ali mwana, amadzutsa tiana tamasiye mmamawa kutipatsa kajuwisi ndi tokamba kuti tipite ku sukulu kenako iye nkupita kukagulitsa mankhwala. Omar Little amabera ogulitsa mankhwala okhaokha ndipo salola kuloza mfuti munthu wamba, Michael K. Williams amene anasewera mbali imeneyi anamwalira mu 2021, ndipo Barack Obama ananenapo poyera kuti pa anthu onse a mu series imeneyi amene amamukonda kwambiri ndi Omar. Chomwe ukuona nchoti gulu la Barksdale ndi polisi zimayenda mofanana, wapansi ndi amene amafa kapena kumangidwa, wapakati akayesa kuganiza payekha amalangidwa, wapamwamba amateteza mpando.

Za kulondola ndalama zija ife a ku Lilongwe sitikufunika kuchita kuuzidwa ndi a ku America. Mu September 2013 Paul Mphwiyo, yemwe anali mkulu woona za bajeti ku unduna wa zachuma, anaomberedwa pa geti la nyumba yake ku Area 43, ndipo masabata otsatira tinayamba kumva za ogwira ntchito mboma a malipiro ochepa akupezeka ndi mamiliyoni mmabuti a galimoto ndi mnyumba. Ofufuza mabuku a Baker Tilly anapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zinatuluka ku Capital Hill mmiyezi 6 yokha, zina kulipira makampani omwe sanapereke katundu aliyense, ndipo mayiko otithandiza anaimitsa thandizo la bajeti, mankhwala nkusowa mzipatala. Cashgate inatiphunzitsa kuti cheke chimodzi chimadutsa mmanja ambiri chisanasanduke ndalama, wolowetsa mu kompyuta, wosayina, wa kampani, ndipo funso lomwe aliyense ankafunsa mma minibasi linali loti kodi ulusiwu ukathera kwa ndani. Mu December 2022 tinadzukanso nkumva kuti mkulu wa ACB pa nthawiyo Martha Chizuma wamangidwa mbandakucha kunyumba kwake nkutengeredwa ku Namitete, kenako nkutulutsidwa tsiku lomwelo. Sindikunena kuti nkhani zimenezi zikufanana ndendende ndi za mu filimu, iliyonse ili ndi mbali zake, koma munthu amene waonera Freamon akutsata mapepala a ndalama mpaka foni kulira kuchokera kumwamba amawerenga nkhani ngati zimenezi ndi maso ena.

Zofooka zilipo ndithu. Chingerezi chake ndi cha mmisewu ya Baltimore, olo amene anakhoza bwino MSCE avutika, nde ikani ma subtitle musachite manyazi, ndipo si filimu yoti a DJ omasulira aja angaithe chifukwa mphamvu yake ili mmawu ang'onoang'ono omwe munthu wanena mu episodi ya 2 nkudzabala zipatso mu episodi ya 11. Muli kutukwana kwambiri ndi zithunzi zina zosayenera ana, musaonere pa sitting room ndi banja lonse. Azimayi alimo amphamvu monga wapolisi Kima Greggs koma ndi ochepa, nkhani zambiri ndi za azibambo. Ndipo pa nthawi yomwe inkaonetsedwa anthu oonera sanali ambiri, mphoto ya Emmy sinapateko olo imodzi, kutchuka kwake kunabwera pambuyo anthu akubwerekana ma DVD.

Ena amatinso inawachitira chifundo apolisi, ndipo zomwe zinachitika pambuyo pake zikuwapatsa mphamvu onena zimenezi. Mu April 2015 mnyamata wina Freddie Gray anavulala msana ali mgalimoto ya polisi ku Baltimore nkumwalira, mzinda wonse unabuka zipolowe. Mu 2017 kunaululika kuti kagulu ka apolisi kotchedwa Gun Trace Task Force, komwe kankatamandidwa chifukwa cha kuchuluka kwa mfuti zomwe kankalanda, kankabera anthu ndalama, kugulitsa mankhwala omwe kalanda, kunamizira anthu milandu ndi kuba ndalama za ovataimu, mtsogoleri wake Wayne Jenkins anagamulidwa zaka 25. David Simon anabwereranso nkupanga series ina ya maepisodi 6 ya nkhani yeniyeni imeneyi mu 2022, We Own This City. Koma ine ndimaona kuti zimenezi zikungotsimikiza zomwe The Wire inanena kale, pakuti anthu amenewa anatetezedwa zaka zonsezo chifukwa manambala awo anali okongola, madandaulo a anthu wamba ankabwera koma ndani akanakhudza wapolisi amene akubweretsa mfuti pa tebulo sabata iliyonse.

Munthu amene ndimamukumbukira kwambiri si wapolisi kapena chigawenga, ndi Bubbles, bambo wosuta heroin amene amayenda ndi kangolo kugulitsa malaya ndi zitsulo zotola, nkumathandiza apolisi ndi mauthenga kuti apeze ya tsikulo. Andre Royo anasewera mbali imeneyi mwa njira yoti sindithanso kumudutsa chimodzimodzi munthu wogona pansi pa mlatho wa Lilongwe kapena mnyamata wotola mabotolo ku depoti. Masizoni onse 5 akugwa nkudzuka, apolisi omwe amawathandiza akumuiwala pa nthawi yomwe akuwafuna, mchemwali wake akumulola kugona mchipinda cha pansi koma chitseko chokwerera mnyumba chokhoma chifukwa anamuberapo kale, ndipo mu episodi yomaliza chitseko chija chatsegulidwa, akukwera masitepe kukakhala pa tebulo kudya ndi abale ake. Mphindi zomwezo tikuona Dukie, mwana wanzeru uja amene Prez ankamupatsa zovala ndi chakudya, ali mkhwalala akudzibaya jakisoni.

Mng'ono wanga uja anaitenganso flash ija. Panadutsa masabata atatu osamva kanthu, kenako usiku wina cha mma 11 foni inalira, ndinadzidzimuka kuganiza kuti kwagwa zovuta kunyumba, koma anali iyeyo, mawu ake otsika, akuti achimwene ndamaliza sizoni 4, tandiuzani chilungamo, Randy uja amuthandiza kutsogoloku kapena basi zake zathera pomwepa. Ndinamuuza kuti aonere yekha sizoni 5, amuonanso kamodzi.